Chidule cha pa Zigwagwa

Mawa ndikwera basi yam'bandakucha,
ndiye usiku uno ndakhala pa benchi yosapala
m'kaofesi ka bambo, kuseri kwa msika wa Zigwagwa.
Utuchi walowa mpaka pakati pa mabatani,
mvula yamawawa ikusisita malata,
jekete lawo lili pamapewa anga, likununkha paini wa ku Chikangawa.

A Luhanga thabwa amalidziwa ndi chikhatho.
Akangolisisita kamodzi akuuza ngati lidzapindike.
Koma pa kompyuta yakale ija ndidawagulira ku Luwinga
amasochera dzuwa likuswa mtengo:
afuna buku la ngongole, zatseguka nyimbo,
afuna kalata, kwabwera masewera a makadi,
kenako foni yanga kulira pakati pa phunziro:
Temwanani, zathawanso.

Ndatsegula zenera lakuda.
Kamzere koyera kakuphethira, sikafunsa, sikathandiza.
Bwanji sukudina tizithunzi ngati anzako?
Adada, tizithunzi ndi mipando yopaka kale vanishi.
Kuno ndi kocheka matabwa.
Aseka, akokera mpando pafupi, avala magalasi a mwendo umodzi.

Fayilo yatsopano, mizere yochepa chabe.
Pa Name ndalemba zilembo zazikulu, NGONGOLE ZA MATABWA,
kuti maso awo asavutike.
Pa Exec ndalemba njira yonse,
khomo ndi khomo, chikwatu m'kati mwa chikwatu,
mpaka pomwe buku lija limagona.
Pa Icon ndasankha kobiriwira,
poti mtundu umenewu amauona ngakhale magetsi atachepa mphamvu.
Ndasunga. Ndayikoka ndi lamulo limodzi kufika poyera.

Kaoneka, pakona yakumanzere.
Adina. Zii.
Adinanso, mwamphamvu, ngati akukhoma msomali.
Kompyuta yati sikukhulupirira fayiloyi.
Manyazi andigwira, ine wa satifiketi.
Ndaiwala chilolezo.
chmod +x, dzina la fayilo, ndagogoda batani lalikulu lija.
Ndiye kuti, atero iwo, ngakhale chitseko wachikhoma wekha
uyenera kuchipempha kuti chitseguke?

Ndili sitandade thuli tinkakhala ku Chiputula.
Msewu wa kusukulu unkazungulira kutali,
nsapato zinkafika zitatha mphamvu.
Loweruka lina adasenza matabwa awiri okanidwa ndi kasitomala
nakawayala pa ngalande ya kudambo.
Adandiwolotsa kamodzi, dzanja langa m'dzanja lawo.
Lolemba adangoti, njira waiona,
iwo n'kukhotera kumsika osacheuka.
Matabwa aja adatha zaka zinayi asanabedwe.

Dinani kawiri, adada, msangamsanga.
Koyamba achedwa, kachithunzi kangosuntha.
Kachiwiri buku latambasuka lonse:
a Mzumara, matabwa khumi ndi limodzi, sadalipire kuyambira Malichi.
Ameneyu, atero, akuloza ndi chala chodulidwa nsonga ndi sowo,
ameneyu mawa andiona.

Ndawonjezera ka makalata, kachikasu.
Ndikuti ndizimitse, andigwira mkono.
Kodi zenera lako lakudalo
lingapange kena koti ndikadina
kazitsegula komwe ukupitako?

Sindinayankhe. Ndalemba mizere ina isanu.
Pa dzina ndayamba kulemba langa lonse,
ndafufuta, ndasiya TEMWA,
mmene amandiitanira akakhala kuti sanakwiye.
Chilolezo ulendo uno sindinaiwale.

Tizithunzi titatu tandandalika pagalasi la ming'alu.
Panja wa sakaramento womaliza akuliza belu m'matope.
Kameneka kamadya bandulo, ndawachenjeza.
Bandulo uzitumiza ndiwe, atero,
akupukuta galasi ndi mkono wa malaya,
mosamala, kulambalala pakona yakumanzere
ngati tingafufutike.